Moto wa ku Waco: Chotiphunzitsa Imfa ya Anthu 76

Pa 19 Epulo 1993, nyumba ya gulu la Branch Davidians pa Mount Carmel, pafupi ndi mzinda wa Waco ku Texas m'dziko la America, idanyeka yonse. Anthu 76 adafera momwemo, ndipo oposa 20 mwa iwo adali ana. Kodi zidatheka bwanji kuti anthu owerenga Baibulo usana ndi usiku athere m'moto pamodzi ndi ana awo?

Mtsogoleri wao, Vernon Howell, adabadwa mu 1959 ku Houston. Atachotsedwa mu mpingo wa Seventh-day Adventist, adafika pa Mount Carmel mu 1981. Adali mnyamata wosapita patali ndi sukulu, koma woloweza Malembo modabwitsa. Mu 1987 adalimbirana utsogoleri ndi George Roden mpaka kuomberana mfuti, ndipo mu 1990 adasintha dzina nadzitcha David Koresh, kutengera mfumu Davide ndi mfumu Kirusi.

Mphamvu zake zonse zidagona pa chiphunzitso chimodzi: ankati iye yekha ndiye adapatsidwa kumatula zimatiro zisanu ndi ziwiri za m'buku la Chivumbulutso, ntchito imene Mpingo umadziwa kuti ndi ya Khristu, Mwanawankhosa. Anthu atavomera zimenezi, panalibenso womutsutsa. Mu 1989 adalamula amuna kuti asiyane ndi akazi awo, akaziwo nakhala ake, ndipo ena mwa amene adawatenga adali ana achichepere. Adaunjikanso mfuti, nawauza kuti Babiloni, kutanthauza boma, adzawathira nkhondo.

Pa 28 Febuluwale 1993 a ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, adabwera ndi zida kudzamugwira. Padafa apolisi 4 ndi anthu a gululo 6. Kenaka a FBI adazinga malowo masiku 51. Adawadulira magetsi, kuwawalitsira nyali zamphamvu ndi kuwasokosera usiku wonse. Boma linkayesa kuti likuwafooketsa, chonsecho linkangotsimikiza ulosi wa Koresh. Iye ankaphunzitsa kuti ali m'nthawi ya chimatiro chachisanu (Chiv. 6:9-11): ena aphedwa kale, otsalawo adikire pang'ono kuti nawonso aphedwe.

Akatswiri awiri a Malembo, James Tabor ndi Phillip Arnold, adaona poterera. Adayankhula pa wailesi m'chiyankhulo chake chomwe, kumuonetsa kuti ndimeyo ingamveke mwa njira ina. Pa 14 Epulo Koresh adalemba kalata yoti adzatuluka akamaliza kulemba tanthauzo la zimatirozo. Akuluakulu a FBI, amene adawanamizapo kale, sadamukhulupirire. Patangopita masiku 5, ndi chilolezo cha mkulu wa zamalamulo m'boma, Janet Reno, akasinja adaboola makoma ndi kuthiramo utsi wokhetsa misozi. Masana moto udabuka. Kafukufuku wa John Danforth mu 2000 adapeza kuti motowo adauyatsa ndi a m'gululo, komanso kuti ena a boma adabisa mtundu wa zipolopolo za utsi zimene adagwiritsa ntchito m'mawa wa tsikulo.

Mlandu waukulu uli pa Koresh, amene adasandutsa Mau a Mulungu kukhala goli. Koma boma nalo lidalephera, pakuti lidayesa chikhulupiriro cha anthuwo ngati phokoso chabe. Munthu amene wauzidwa kuti akunja onse ndi adani sumupulumutsa pomuopseza.

Tisanyengedwe kuti izi n'za mipingo ina yokha. Gulu la ku Kanungu ku Uganda, limene lidaphetsa anthu oposa 700 m'chaka cha 2000, adaliyambitsa ndi anthu ochokera mu Mpingo wa Katolika, ansembe ena ali momwemo.

Tsono inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, musaliope buku la Chivumbulutso, kuopa kulisiya m'manja mwa olusa. Phunzitsani kuti lidalembedwa kuti lilimbitse mtima Akhristu ozunzidwa, osati kupereka tsiku la kutha kwa dziko. Kumbutsani Akhristu kuti Malembo timawamva pamodzi mu Mpingo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mlaliki wodzitcha yekhayo womva Mulungu, wolekanitsa mabanja ndi woletsa mafunso, muchenjere naye. Ndipo m'bale wanu akatengeka ndi gulu lotere, musamunyoze kapena kumutsekera khomo. Muzimuyendera ndithu, kuti tsiku limene adzayambe kukayika adzakhale ndi kobwerera.