Kalata Yofunsa Kaphikidwe, Kulira Kobisika

Pali mtundu wina wa mabuku a nkhani zopeka umene umaphatikiza zinthu ziwiri zooneka ngati sizingagone nyumba imodzi: mlandu wa munthu wophedwa ndi fungo la chakudya chimene chili pamoto. M'mabuku otere wofufuza mlandu amakhala munthu wamba, kawirikawiri mayi wa m'katauni kakang'ono amene amadziwa aliyense ndiponso ndi katswiri wophika. Magazi sachuluka m'nkhaniyo, ndipo kumapeto kwa buku kumalembedwa kaphikidwe ka zakudya zimene zatchulidwa. Ambiri mwa mabuku amenewa amachokera ku America ndi ku Britain, koma m'chaka cha 2015 dziko la South Africa linatulutsa lake, lotchedwa Recipes for Love and Murder, lolembedwa ndi mayi Sally Andrew.

Nkhani yake ikuchitikira ku Ladismith, tauni ya alimi ya m'dera louma la Klein Karoo. Mwini nkhani ndi Tannie Maria, mayi wamasiye wa zaka za m'ma 50. Liwu lakuti "tannie" m'Chiafrikaans limatanthauza azakhali, ndipo ndi ulemu umene amapatsa mayi aliyense wachikulire. Maria amalemba tsamba la kaphikidwe m'nyuzipepala ya m'deralo, Klein Karoo Gazette. Eni nyuzipepala atalamula kuti tsambalo lithe ndipo m'malo mwake mubwere tsamba la malangizo a chikondi, iye akupeza nzeru yosunga zonse ziwiri: aliyense womulembera kalata yodandaula amalandira langizo pamodzi ndi kaphikidwe ka chakudya choyenera vuto lakelo.

Mwa makalata oyamba muli ya mayi wina amene mwamuna wake amamumenya. Maria akumuyankha, akumulimbikitsa kuti adzipulumutse, ndipo akumupatsanso kaphikidwe ka nyama ya nkhosa yothira zokometsera. Pasanapite nthawi yaitali mayiyo akupezeka atafa. Imfayo ikumukhudza Maria mpaka mumtima, chifukwa naye anapirira nkhonya za malemu mwamuna wake, Fanie, kwa zaka zambiri popanda womuthandiza. Pamodzi ndi mkonzi wa nyuzipepala, Hattie, ndi mtolankhani wachitsikana, Jessie, akuyamba kufufuza, ngakhale wapolisi Henk Kannemeyer akuwachenjeza kuti asiyire apolisi ntchitoyo. Dzina la wakuphayo lisungidwe kuti owerenga akalipeze okha.

Apa ndi pamene maganizo a owerenga amasiyana. Gulu lina limakonda bukuli chifukwa cha kufunda kwake. Limakondwera ndi mayi amene amalankhula ndi chakudya chake ngati bwenzi, amene amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndiponso amene sapita kukafunsa munthu mafunso chimanjamanja. Zakudya zake ndi za kumudzi kwa Maafrikaner: vetkoek, amene amafanana ndi mandasi koma amadyedwa ndi nyama yogaya, koeksisters oviikidwa m'madzi a shuga, ndi melktert, keke ya mkaka. Kwa owerenga amenewa, bukuli ndi mpumulo pambuyo pa tsiku lotopetsa.

Gulu lina limakayikira. Funso lake ndi lolemera: kodi nkhanza za m'banja ndi nkhani yoti isimbidwe pakati pa nthabwala ndi makeke? Amene anatenga bukuli poyembekezera kuseka kokha amadzidzimuka akakumana ndi mabala a mayi womenyedwa. Enanso amaona mosiyana: kwa iwo shuga wachuluka, ndipo akuphimba kuwawa kwa vuto limene likupha amayi enieni tsiku ndi tsiku. Palinso odandaula kuti kutchula chakudya pa tsamba lililonse kumachedwetsa nkhani.

Madandaulo amenewa si opanda pake. Koma amene anagwirapo ntchito m'midzi akhoza kuona chimene magulu onse awiriwa amadumpha. Mayi amene akuzunzidwa nthawi zambiri sabwera poyera n'kunena kuti akumenyedwa. Amayamba ndi nkhani ina: mtengo wa mchere, ndiwo zimene zinapserera dzulo, mwamuna amene amakwiya nsima ikachedwa. Amalankhula pa mtondo, pa chigayo, pa chitsime, kapena pamene amayi akuphika pa maliro, chifukwa kumeneko ndi kumene angalankhule popanda womukayikira. Kalata yofunsa kaphikidwe m'buku la Sally Andrew ili m'gulu lomwelo. Mlembiyo wasonyeza molondola kuti kukhitchini ndi khomo limene zowawa za m'nyumba zimatulukira, ndipo munthu wa khutu labwino amamva kulira kumene kwabisika m'funso la ndiwo.

Chimene chimapatsa bukuli kulemera n'chakuti silinamiza owerenga. Maria anamva, anayankha mwachifundo, koma mayi uja anafabe. Langizo labwino lolembedwa papepala silinamutchinjirize. Phunziro limeneli ndi la mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa m'mudzi, mtsogoleri wa banki m'khonde ndi wina aliyense amene amayi amamukhulupirira. Kumvetsera ndi chiyambi chabe. Pambuyo pake pamafunika kudziwa kumene munthuyo angagone usiku umenewo, amene angamuperekeze kuchipatala, ndi ofesi imene ingalembe dandaulo lake.

Malamulo alipo. South Africa inakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja mu 1998, Malawi mu 2006, ndipo Zambia inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi mu 2011. Ku Malawi ndi ku Zambia apolisi ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa, yodziwika ndi dzina lakuti Victim Support Unit. Komabe lamulo limagwira ntchito pokhapokha wina atamufikitsa wovutikayo pakhomo pake. Mawu akuti "banja ndi kupirira" abweza amayi ambiri panjira, ndipo nthawi zina amene amawanena ndi anthu achifundo omwe, ankhoswe ndi anamkungwi ofuna kuti banja lisathe. Maria mwini anapirira mpaka mwamuna wake anamwalira, ndipo mabuku otsatira akusonyeza kuti mantha a zaka zimenezo sanathere kumanda kwa Fanie.

Kuti owerenga ambiri analandira bwino mayi ameneyu zikuoneka ndi zimene zinatsatira. Mabuku ena anatuluka, kuphatikizapo The Satanic Mechanic mu 2016, Death on the Limpopo mu 2019, ndi The Milk Tart Murders mu 2022. M'chaka chomwecho cha 2022 nkhaniyi inasanduka sewero la pa kanema la M-Net, momwe Maria Doyle Kennedy anasewera ngati Maria ndipo Tony Kgoroge anasewera ngati wapolisi. Anthu amene sakanatsegula lipoti la bungwe lonena za nkhanza anakumana ndi nkhani yomweyo kudzera m'mbale ya chakudya.

Magulu owerenga ndi makalabu a amayi amene angapeze bukuli akhoza kuligwiritsa ntchito potsegula zokambirana, makamaka m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December. Wodziwa Chingerezi angafotokozere anzake nkhaniyo mwachidule, kenaka gulu lidzifunse mafunso awiri. Kodi kalata ngati imeneyi ikanafika m'mudzi muno, ikanafika kwa yani? Nanga woilandirayo akanachita chiyani tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe?