MTOLANKHANI APITE KUMENE AKATSWIRI AKUFUFUZA

Ku Woods Hole, kadoko kakang'ono ka m'chigawo cha Massachusetts ku America, kuli malo a kafukufuku wa zamoyo za m'nyanja otchedwa Marine Biological Laboratory, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1888. Kuyambira m'chaka cha 1986 malowa akhala akuitana atolankhani olemba za sayansi kuti adzakhale pamodzi ndi akatswiri kwa masiku angapo, ndipo amawalipirira ulendo, chakudya ndi pogona. Mlendo akafika kumeneko amavala nsapato za m'matope, natunga madzi, nayeza dothi, nawerengetsa yekha zimene wapeza, kenaka nkuimirira pamaso pa anzake kufotokoza tanthauzo lake.

Ena mwa atolankhaniwa adatumizidwa kutali koposa, ku Toolik m'chigawo cha Alaska, kumene akatswiri akhala akufufuza kuyambira m'chaka cha 1975. Dziko la kumeneko ndi lozizira koopsa, kotero kuti nthaka ya pansi imakhala youndana chaka chonse. M'nthaka imeneyo mudakwiririka zomera zakalekale zimene sizidaole kaamba ka kuzizira. Tsono popeza dziko likutentha, nthakayo yayamba kusungunuka, zomera zija zikuola ndi kutulutsa mpweya wa carbon dioxide ndi wa methane, umene ukuonjezera kutentha komweko. Mtolankhani amene wabaya yekha chitsulo m'nthaka imeneyo, naona ndi maso ake kuya kwa pamene pasungunuka, sangalembe za kusintha kwa nyengo ngati nkhambakamwa.

Wina adzafunsa kuti za ku Alaska zikutikhudza bwanji ife kuno ku Malawi. Yankho ndi lakuti mpweya ulibe malire. Pamene katswiri Charles Keeling adayamba kuyeza carbon dioxide pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii m'chaka cha 1958, adapeza magawo pafupifupi 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Lero apitirira 420. Mpweya ukatentha umasenza chinyezi chochuluka, ndipo mvula ikadza imadza mwaukali. Tonse tikukumbukira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, nasakaza Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu opitirira 1,000 adafa kapena kusowa.

Atolankhani athu adagwira ntchito yotamandika masiku amenewo, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma tinene chilungamo: kawirikawiri mtolankhani amafika tsoka litagwa kale. Amawerenga maliro, amajambula milatho yoduka, amalemba zimene nduna yanena, nabwerera ku ofesi. Chimene mlimi akufuna kumva chimatsala osanenedwa. Makolo athu madzi ogumuka m'phiri adawatcha Napolo, ndipo dzinalo tikulidziwa tonse. Chimene mwana wa lero ayenera kudziwanso ndi chakuti mizu ya mitengo ndiyo imagwira dothi la pamtsetse, ndipo kuti phiri lometedwa mpala likamwa madzi masiku atatu silingadzigwire. Nkhani yotere angailembe bwino m'Chichewa ndi munthu yekhayo amene adaimvetsa, ndipo safunsa adadya phula.

Sitikusowa kopita kukaphunzira, chifukwa Toolik wathu tili naye pakhomo. Nyanja ya Chilwa, imene ili pakati pa maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga, ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Moyo wake umadalira mvula ndi mitsinje yochokera m'mapiri, motero imaonetsa msanga nyengo ikasokonekera. Idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'aluka, mabwato nkukhala pamtunda ku Kachulu. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba ndiwo amayamba kugona ndi njala. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi adayamba kuifufuza nyanjayi m'zaka za m'ma 1960, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1979. Nzeru zimenezo zidalembedwa m'Chingerezi chozama. Kodi ndi angati a pa chilumba cha Chisi amene adazimvapo m'chiyankhulo chawo?

Nchifukwa chake tikupempha kuti Boma, masukulu a ukachenjede ndi eni nyuzipepala ndi mawailesi agwirizane zokhazikitsa thumba la ndalama lotumizira atolankhani kumalo a kafukufuku chaka ndi chaka. Wina akakhale masabata awiri ndi ofufuza za nsomba ku Monkey Bay, akukoka nawo ukonde ndi kuyeza kukula kwa chambo. Wina apite ku Chitedze akaone m'mene amayesera mbewu zopirira ku chilala. Wina akhale ndi ofufuza za nkhalango ku Zomba, ndipo wina akadzuke m'mamawa ndi a nthambi yoona zanyengo kukawerenga mvula imene yagwa usiku. Pobwerera aliyense alembe kapena aulutse zimene waona m'chiyankhulo cha anthu.

Alipo amene adzanena kuti ndalama nzochepa ndipo zofunika nzambiri. Nzoona, koma tiyerekeze mtengo wa thiransipoti ndi chakudya cha atolankhani khumi ndi mtengo wa mlatho umodzi wokokoloka. Aliponso akatswiri amene amathawa atolankhani poopa kuti mawu awo apotozedwa. Mantha amenewa mankhwala ake ndi omwewa: amene wagwira nawe ntchito padzuwa, nadziwa kuvuta kwa kupeza nambala imodzi yoona, sangaipotoze mwachisawawa. Ndipo ngati mtolankhani wotere abwerako ndi nkhani yowawa, yonena kuti nkhalango yakutiyakuti yatha kapena kuti nsomba zikuchepa, tisamuyese mdani wa chitukuko. Wokuuza kuti denga likudontha mvula isanafike pachimake ndiye mbale wako weniweni.

Tsono inu akuluakulu a m'maofesi a Boma, tsegulani zitseko mtolankhani akagogoda, ndipo musabise malipoti m'makabati. Inu atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma, mulandireni akafika kwanu, mumuperekeze kwa mafumu, kwa asodzi ndi kwa alimi, pakuti iwonso ali ndi zaka zambiri akuiona nyengo ikusintha. Mutu umodzi susenza denga. Katswiri ayeze, mtolankhani amvetse ndi kufotokoza, mlimi amve nthawi ikadalipo, kuti mvula ya chaka chamawa idzatipeze tili okonzeka.