Mpeni wa kuchipala ukakumana ndi kamera

M'misika ya mumzinda wa Tete, monga wa Kwachena, mipeni ilipo ya mitundu iwiri. Pali ija ya m'mapaketi yochokera kunja, yonyezimira ngati ndalama yatsopano koma yosachedwa kubuntha. Ndiye pali ya kuchipala, imene mmisiri amasula ndi nyundo kuchokera ku sipuling'i ya lole yakutha, naika chigwiriro cha phingo kapena tsanya, mwina ndi chimake cha chikopa cha mbuzi. Mpeni woterewu munthu amasiyira mwana wake.

Luso limeneli si ladzana. Mu 1831 Mpwitikizi wina, António Gamitto, ananyamuka pa Tete pompano kupita kwa Kazembe, ndipo podutsa m'dziko la Amaravi analemba za m'mene makolo ankasungunulira chitsulo m'ng'anjo. Makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka kumidzi ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi. Ng'anjo zija zinazima kalekale, koma mvukuto ukadapumabe m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga.

Chimene chasintha ndi wogula. Kunja kuli anthu amene amagula mipeni yosula ndi manja osati kuti asendere mbuzi ayi, koma kuti asunge ndi kumaonetsa alendo. Ku Atlanta, m'dziko la America, kumachitika chionetsero chachikulu chotchedwa Blade Show chaka ndi chaka, ndipo mpeni umodzi wa mmisiri wotchuka umagulidwa madola zikwizikwi. Kuno sitinafike pamenepo, komabe wogwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize, kapena mbale wa ku Maputo ndi ku Johannesburg, akamva za mpeni wabwino mawu ake ndi amodzi: tumizani chithunzi pa WhatsApp.

Apa ndi pamene amisiri ambiri amaluzira. Bambo wakhala masiku anayi pamoto, kenaka mwana atenga foni dzuwa lili paliwombo, dzuwa la ku Tete lija loti mwezi wa Okutobala limapitirira madigiri 40, naika mpeni pamphasa n'kujambula. Chotuluka ndi kamzere koyera mbuu, ngati chidutswa cha lata. Wogula akaona zimenezo atchula mtengo wa mpeni wa m'paketi. Mapeto ake mpeni ugulidwa motchipa ndi wamalonda wa m'tauni, amene akaujambula bwino ndi kudya phindu la thukuta la wina.

Chinsinsi chake n'chakuti mpeni wopukutidwa bwino uli ngati kalilole. Kamera siona chitsulo chenichenicho, imaona chimene chitsulocho chayang'anizana nacho. Chikayang'ana dzuwa chithunzi chipsa. Chikayang'ana denga la udzu chida bii. Chikayang'ana wojambula, nkhope yake ndi foni yake zioneka pampeni. Tsono wojambula ayenera kupatsa mpeniwo chinthu choyera choti uyang'ane. Agoneke mpeni pamthunzi, pakhonde kapena patsinde pa mlambe, m'mawa dzuwa lisanakwere. Mnzake agwire nsalu yoyera kapena thumba loyera la ufa pamwamba, chakumbuyo kwa mpeni. Wojambulayo asaime mowongoka pamwamba pake, koma apendeke foni pang'onopang'ono mpaka chitsulo chonse chioneke chotuwa bwino, mzere wonolera ndi zipsera za nyundo zikuoneka. Zimatenga kanthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fulashi ayizimitse, imeneyo ndi mdani. Apukutenso galasi la foni, pakuti mafoni ambiri a kumudzi amagona m'thumba limodzi ndi mtedza wokazinga. Mpeni nawo aupukute ndi kansalu, zala zisasiye mafuta, chifukwa pachithunzi chidindo cha chala chimaoneka ngati dzimbiri.

Pansi pake pakhale chinthu chosalongolola. Chitenje cha maluwa chimakoma m'chiuno mwa mayi, koma pansi pa mpeni chimaba maso a wogula. Thabwa lakale kapena nsalu yakuda zikwanira. Pambali aikepo bokosi la machesi kuti kukula kwa mpeni kudziwike, ndipo ajambule mbali zonse ziwiri, chigwiriro pachokha, ndi msana wa mpeni kuti aone kuchindikala kwake.

Anyamata ena amakonda kujambulitsa atagwira mpeni m'mwamba, nkhope itakwinyika ngati a m'mafilimu. Chithunzi chotere sichigulitsa kanthu, ndipo chikafika m'manja mwa apolisi mwini wake adzavutika kufotokoza.

Chinthu chimodzi n'cha mmisiri mwini, osati cha mwana wa foni. Chitsulo chikadali chofiira, adinde kachizindikiro kake pafupi ndi chigwiriro, kaya ndi chilembo cha dzina, kaya ndi timadontho titatu. Osunga mipeni amayamba kufunafuna chizindikirocho asanafunse mtengo. Chijambulidwe pafupi, pachithunzi chakechake, ndipo potumiza pa WhatsApp asankhe kutumiza ngati dokyumenti, pakuti njira ya masiku onse ija imafinya chithunzi mpaka timadontho tija osaonekanso.