Wamishoni Amene Sanatuluke Pacipata

Mwezi wa Okutobala ukafika, mau akuti mishoni amamveka kawirikawiri m'machalichi mwathu. Pa Lamulungu la Mamishoni, limene Papa Pius XI anakhazikitsa mu 1926, timaponya kangacepe kathu m'mbale ya copereka, ndipo ambiri timabwerera kunyumba tikuyesa kuti gawo lathu latha. Zotsalazo timati n'za ansembe, asisitere ndi akatekisti, amene ali ndi miyendo yofikira kutali. Agogo amene maondo anawakana kale, ndi wodwala amene wagona pamphasa miyezi yambiri, amadziona ngati alibe mbali pa nchitoyi. Eklezia saona motero, ndipo anationetsa poyera mu 1927.

M'caka cimeneco Papa yemweyo anaika oyera awiri kukhala nkhoswe za mamishoni onse. Woyamba palibe anadabwa naye: Francis Xavier, amene anaoloka nyanja kukalalika ku India ndi ku Japan, namwalira mu 1552 ali pakhomo pa dziko la China. Waciwiri ndiye Thérèse Martin wa ku France, amene ife timamuchula Tereza wa Mwana Yesu. Iyeyu analowa m'nyumba ya asisitere a Karimeli ku Lisieux mu 1888 ali ndi zaka 15, ndipo sanatulukenso pacipata kufikira pamene cifuwa cacikulu cinamtenga pa 30 Sepitembala 1897, ali ndi zaka 24. Sanalalikepo pagulu, sanamange ngakhale kachalichi ka udzu. Nchito yake inali kusesa, kucapa zovala, kukonza za paguwa ndi kupemphera.

Nkhani yake ili pafupi ndi ife koposa mmene ambiri tidziwira. Mu Okutobala 1895 mnyamata wina wa ku seminale, Maurice Bellière, analemba kalata ku nyumba ya asisitereyo. Anali pafupi kulowa usilikali monga lamulo la dziko lake linkafunira, ndipo ankaopa kuti maitanidwe ake adzafera kumeneko. Anapempha kuti sisitere mmodzi azimpempherera, ndipo amai aakulu a nyumbayo anapatsa Tereza udindowo. Awiriwa sanaonanepo maso ndi maso. Analemberana makalata okha, Tereza akumuchula mlongo wake. Pambuyo pake anampatsanso wina, Adolphe Roulland, wansembe amene anatumidwa ku China. Matenda atamkulira, Tereza ankayendabe pang'onopang'ono m'munda wa nyumbayo ngakhale kuti kuyendako kunali kumpweteka. Mkulu wake, amenenso anali sisitere momwemo, atamuuza kuti apumule, iye anayankha kuti akuyendera wamishoni wina amene watopa kutali.

Bellière analowa gulu la White Fathers, nadzozedwa unsembe mu 1901, ndipo mu 1902 anafika ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Masiku amenewo dera la mishoni la Nyasa linali m'manja mwa Ambuye Joseph Dupont, aja a dzina lakuti Moto Moto, ndipo linkaphatikiza kum'mawa ndi kumpoto kwa dziko lathu lino. Tsono pakati pa ansembe oyamba amene anabweretsa Mthenga Wabwino kwa anthu a cinenero cathu, panali mmodzi amene anaberekedwa kumsana ndi mapemphero a sisitere wa ku Lisieux.

Tikadakonda kunena kuti anakhala mtumwi wamkulu, koma sizinatero. Mu 1905, atafooka ndi matenda ndi kusamvana ndi anzake, anasiya mishoni nabwerera ku France, kumene anamwalira mu 1907 m'cipatala ca odwala misala ku Caen, ali ndi zaka 33. Kodi tinene kuti mapemphero a munthu woyera anapita pacabe? Funsoli tisalithawe, pakuti ndi lomwelo limene ali nalo mai amene wapempherera mwana wake cidakwa zaka khumi, mwanayo osasintha. Masiku ano alaliki ena amagulitsa pemphero ngati mankhwala a pamsika: upemphere lero, mawa ulandire nchito, galimoto kapena mwamuna. Wophunzira pemphero lotere amalitaya likangocedwa kubala. Tereza sanalonjeze mlongo wake kuti adzachuka. M'makalata ake ankamkumbutsa kuti adalire cifundo ca Mulungu, makamaka pamene wagwa, ndipo ici ndico cimene munthuyo anadzacifuna koposa pamapeto pake. Ife timawerenga zaka zitatu zokha za nchito yake. Mmene mapemphero aja anamgwirira dzanja m'cipinda ca ku Caen adziwa ndi Mwini wake. Cimene tingacione ndi maso n'cakuti mamishoni amene ansembe a m'nthawi yake anatsegula, monga Mua, Likuni ndi Kachebere, alipo mpaka lero.

Asisitere a Karimeli ali ndi belu lowaitana ku pemphero, ndipo tsiku lililonse amakhala cete pamaso pa Mulungu maola awiri. Ife tili ndi munda, msika ndi ana ofuna phala. Komabe tsiku lathu lili nazo nthawi zake zimene makolo athu m'cikhulupiriro anatisiyira: kupereka tsiku kwa Mulungu tisanagwire khasu, pemphero la Mngelo wa Ambuye dzuwa lili paliwombo, ndi kolona madzulo, amene m'nyumba zambiri walandidwa malo ndi wailesi ya kanema ndi foni. Marko Woyera atiuza kuti Ambuye Yesu okha analawira kusanace kukapemphera kwa okha asanayambe ulendo wolalika m'midzi ya Galileya.

Cimene catidetsa nkhawa n'cakuti ngakhale m'mabanja opemphera, pemphero silituluka kunja kwa mpanda. Timachula ana athu, ndalama za sukulu, feteleza ndi mvula. Zimenezi si zoipa, Atate athu adziwa kuti tizifuna. Nanga katekisti amene amapalasa njinga kupita ku chalichi ca kumudzi kumene wansembe amafika mwa kamodzikamodzi, amchula ndani? Nanga ana a dziko lino, ansembe ndi asisitere, amene tsopano akutumikira m'maiko ena, akuphunzira zinenero zacilendo monga anacitira a White Fathers kwathu kuno?

Pauline Jaricot, mtsikana wa ku Lyon amene Eklezia anamuchula wodala mu 2022, anasonkhanitsa anchito a m'mafakitale m'timagulu ta anthu khumikhumi. Aliyense ankapempherera mamishoni tsiku lililonse ndi kupereka kandalama kamodzi pa sabata. Njira yakeyo ndiyo inabala mu 1822 bungwe lofalitsa cikhulupiriro, limene limalandira copereka cathu ca Lamulungu la Mamishoni. Ife tasunga kandalamako, ndipo kamodzi pa caka. Pemphero la tsiku ndi tsiku lija ndilo talisiya m'njira.

Miphakati yathu siisiyana kwenikweni ndi timagulu ta Pauline. Pa msonkhano ukubwerawu atsogoleri alembe pa timapepala maina a akatekisti a parishi, a anyamata athu a ku seminale, ndi a ansembe ndi asisitere ocokera kwathu amene ali kutali. Banja lililonse litenge dzina limodzi, osaiwala kupititsa kapepala kwa agogo ndi kwa odwala amene sangafike pa msonkhano. Kapepalako kaikidwe pafupi ndi mtanda wa m'nyumba, ndipo ana ndiwo azichula dzinalo usiku uliwonse banja lisanagone.