Kasikulu ka pakabuleta kalakwanji?

Imani pa siteji ya kabaza pa Nkhamenya m'mawa wa mu Julayi, mumve njinga zamoto zikutsokomola. Mnyamata akangoleka kupatsa moto, injini thii, yazima. Mankhwala ake aliyense amawadziwa: kupotokola kasikulu ka pakabuleta mpaka injini ilire mokweza. Kwa ine uku n'kubisa matenda.

Injini ya petulo ili ndi kachitseko pakhosi pake. Mukapatsa moto kamatseguka, mukaleka kamabwerera n'kusiya kampata kakang'ono koti mpweya uzidutsa, wongokwanira kuti injini isazime. Kasikulu kaja ntchito yake ndi kukulitsa kapena kuchepetsa kampata kameneka, basi. Tsono petulo ndi wadyera pa mpweya: kilogalamu imodzi imafuna makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya kuti ipse bwino.

Nanga mpweyawo uchokera kuti pamene sefa yake yadzaza ndi fumbi la m'misewu ya kumaesiteti a fodya? Ukachepa, petulo amachuluka. Masulani pulagi muone, yada bii ndi mwaye, ndipo mafuta amene mwagula movutikira akungotuluka ngati utsi. Mukakweza kasikulu, njinga izilira ndithu, koma giya iziloŵa ndi phokoso ndipo thanki iziphwa msanga. Ena amachotseratu sefayo kuti injini "ipume". Awa ndiye amandimvetsa chisoni, chifukwa fumbi limakapala ma ring a pisitoni mpaka njinga kuyamba kumwa oyilo.

Ma Sienta onyamula anthu pa M1 kupita ku Kasungu kapena ku Jenda nkhani yawo ndi ina. Alibe kabuleta. Kompyuta ndiyo imayeza mpweya n'kusunga injini ikuzungulira ka 600 mpaka 800 pa mphindi galimoto itaima. Ikamanjenjemera pa siteji, kaŵirikaŵiri ndi litsiro lomata m'mbali mwa kachitseko, kapena paipi yong'aluka imene ikuloŵetsa mpweya wosaŵerengedwa. Makanika wodziwa amatchera khutu kaye kuti amve ngati pena pakulira "sss", kenako amatsuka kachitsekoko. Mukatsuka musadabwe injini ikulira mokweza kwa kanthaŵi, kompyuta imakhala ikuzoloŵera kampata koyera.

A malole a dizilo opita ndi mabelo ku Chinkhoma izi sizikuwakhudza kwenikweni, poti mphamvu ya dizilo imayenda ndi kuchuluka kwa mafuta. Koma sefa nawonso aziyang'ana.

A kabaza, kasikulu muzikagwira pomaliza: sefa itatsukidwa, pulagi itaonedwa, injini itatentha.