MAPHUNZIRO-AMERICA: Ndalama zikutsata mwana wa ADHD, koma ufulu wake ukutsala kusukulu

Zigawo zingapo za dziko la United States zayamba kupereka ndalama za maphunziro m'manja mwa makolo kuti azidzipezera okha aphunzitsi apadera ndi alangizi a ana omwe ali ndi vuto la ADHD. Njirayi inayambira m'chigawo cha Arizona mu 2011, ndipo mu 2025 chigawo cha Texas nacho chinakhazikitsa lamulo lotere ndi kuika pambali madola 1 biliyoni. Koma nthawi zambiri kholo lomwe lalandira ndalamazi limayenera kuchotsa mwana wake m'sukulu ya boma, ndipo potero limasiya chitetezo chomwe malamulo a dzikolo anapatsa ana olumala kuyambira mu 1975.

ADHD ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali, kusakhazikika pamalo amodzi ndiponso kuchita zinthu mopupuluma. Mwana wotere sakhala wopanda nzeru, koma amaiwala ntchito yomwe wapatsidwa, amataya makope, amayamba masamu osawamaliza, ndipo kawirikawiri amatchedwa waulesi kapena wamwano. Malinga ndi nthambi ya boma yoona za matenda ya CDC, mu 2022 ana pafupifupi 7 miliyoni a zaka zapakati pa 3 ndi 17, omwe ndi ana 11 mwa ana 100 aliwonse, anali atapezekapo ndi vutoli.

Lonjezo lomwe silinakwaniritsidwe

Mu 1975 Nyumba ya Malamulo ya ku Washington inavomereza lamulo lokakamiza sukulu zonse za boma kupereka maphunziro aulere ndi oyenera kwa mwana aliyense wolumala. Lamuloli linasinthidwa dzina mu 1990 ndipo tsopano limadziwika kuti IDEA. Poyamba silinatchule ADHD, koma mu 1991 unduna wa zamaphunziro unalongosola kuti ana a vutoli angathe kuthandizidwa pansi pa lamuloli, ndipo mu 1999 dzina la vutoli linalembedwa m'ndondomeko zoyendetsera lamulolo.

Mwana yemwe wavomerezedwa amakonzeredwa chikalata chotchedwa IEP, momwe aphunzitsi ndi makolo amalemba zomwe mwanayo ayenera kufikira pa chaka ndi thandizo lomwe sukulu idzapereke. Ana ena ambiri a ADHD amathandizidwa kudzera m'gawo 504 la lamulo la 1973 loletsa tsankho kwa olumala, lomwe limawapatsa zinthu monga nthawi yowonjezera polemba mayeso kapena malo okhala pafupi ndi mphunzitsi.

Vuto lagona pa ndalama. Pokhazikitsa lamulo la 1975, boma lalikulu linalonjeza kuti pa mwana aliyense wolumala lidzapereka mpaka 40 peresenti ya ndalama zomwe zimagwiritsidwa ntchito pa wophunzira mmodzi m'dzikolo. Lonjezoli silinakwaniritsidwepo, ndipo m'zaka zaposachedwapa gawo la boma lalikulu lakhala pansi pa 15 peresenti, pamene ana othandizidwa pansi pa IDEA anafika 7.5 miliyoni m'chaka cha maphunziro cha 2022 mpaka 2023. Zotsalazo zimagwera zigawo ndi makhonsolo a sukulu, omwe chuma chawo chimadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo, kotero kuti madera osauka ndiwo amapsinjika kwambiri.

Zotsatira zake makolo akuzidziwa bwino. Mu 2016 ofesi yoona za ufulu wa anthu mu unduna wa zamaphunziro inanena kuti pakati pa 2011 ndi 2015 inalandira madandaulo opitirira 16,000 okhudza tsankho kwa ophunzira olumala, ndipo dandaulo limodzi mwa asanu ndi anayi aliwonse linali la mwana wa ADHD.

Makhoti akhala akuima kumbali ya makolo. Mu 2009, pa mlandu wa Forest Grove wokhudza wophunzira wa ADHD wa ku Oregon, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti makolo angathe kubwezeredwa ndalama zomwe analipira kusukulu yomwe si ya boma ngati sukulu ya boma inalephera udindo wake. Mu 2017, pa mlandu wa Endrew F. wochokera ku Colorado, oweruza onse anagwirizana kuti sukulu siingakhutire ndi kupita patsogolo kochepa kwambiri kwa mwana wolumala. Komabe milandu yotere imatenga zaka ndipo imafuna loya, zomwe mabanja ambiri sangakwanitse.

Njira ya Arizona

Ndi kukhumudwa kumeneku komwe kunatsegulira khomo njira yatsopano. Mu 2009 khoti lalikulu la Arizona linathetsa ndondomeko yomwe inkatumiza ndalama za boma kusukulu zomwe si za boma, ponena kuti ikuphwanya malamulo oyendetsera chigawocho. Patapita zaka ziwiri aphungu anabweretsa njira ina: m'malo molipira sukulu, boma liziika ndalama mu akaunti ya mwana, kholo n'kumasankha momwe zigwiritsidwire ntchito. Maakaunti amenewa, otchedwa ESA, poyamba anali a ana olumala okha, ndipo amalandira 90 peresenti ya ndalama zomwe chigawo chikanapereka pa mwanayo.

Ndalamazi zimaloledwa kulipirira fizi, mabuku, aphunzitsi apadera ndi akatswiri othandiza ana pa zovuta za kuphunzira. Florida inatsatira mu 2014, ndipo zigawo zina zambiri zachita chimodzimodzi. Kwa kholo la mwana wa ADHD yemwe wakhala akubwerera m'mbuyo m'kalasi, mwayi wopeza munthu wokhala ndi mwanayo payekha maola angapo pa sabata si nkhani yaing'ono. Ochirikiza njirayi amati kholo ndilo limamudziwa bwino mwana wake, ndipo silingadikire zaka kuti sukulu isinthe pamene mwana akukula.

Zomwe kholo limasiya

Ku Arizona, kholo lomwe lasaina mgwirizano wa ESA limavomera kuti mwana wake sakhalanso m'sukulu ya boma ndipo limamasula khonsolo ya sukulu pa udindo wophunzitsa mwanayo. Sukulu yomwe si ya boma siikakamizidwa kutsata IEP, ndipo ingathe kukana mwana kapena kumuchotsa chifukwa cha khalidwe lake. M'sukulu ya boma, lamulo limati mwana wolumala asanachotsedwe kwa masiku opitirira khumi, akuluakulu ayambe afufuza ngati zomwe wachitazo zachokera pa vuto lake. Kwa mwana wa ADHD, yemwe kupupuluma ndi chimodzi mwa zizindikiro za vuto lakelo, chitetezo chimenechi n'chofunika kwambiri, ndipo chimatha akangotuluka m'sukulu ya boma.

Mu 2017 ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma ya GAO inapeza kuti ndondomeko zambiri zotumiza ana kusukulu zomwe si za boma sizinkauza makolo momveka za kusintha kwa ufulu kumeneku, ndipo zina zinkapereka uthenga wolakwika. Makolo ambiri amazindikira zomwe anataya pokhapokha zinthu zikavuta.

Kuchuluka kwa ndalama nako kumasiyana. Ku Arizona ndalama zowonjezera zimatengera mtundu wa chilema, ndipo ADHD imagwera m'gulu lomwe limalandira zochepa poyerekeza ndi mavuto monga autism. Banja lopeza bwino limawonjezera kuchokera m'thumba mwake. Banja losauka limasankha pakati pa fizi ndi mphunzitsi wapadera.

Kodi ndalamazi zikugula chiyani?

Funso lina ndi lakuti thandizo lomwe likugulidwalo limathandizadi motani. Kafukufuku wamkulu wotchedwa MTA, yemwe anatsatira ana 579 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1999, anaonetsa kuti mankhwala operekedwa mosamala anachepetsa zizindikiro za ADHD kuposa maphunziro a khalidwe paokha, ngakhale kusiyanako kunachepa patapita zaka. Koma mankhwala saphunzitsa mwana kuwerenga kapena kusunga nthawi. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics, mu malangizo ake a 2019, linati kwa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi thandizo loyamba likhale kuphunzitsa makolo kasamalidwe ka khalidwe la mwana, ndipo kwa ana a msinkhu wa sukulu mankhwala aziyendera limodzi ndi thandizo la kunyumba ndi la m'kalasi.

Njira zomwe zaonetsa phindu pa kafukufuku ndi monga kuphunzitsa mwana kukonza makope ndi nthawi yake, komanso kakalata ka tsiku ndi tsiku komwe mphunzitsi amalembera kholo za momwe mwana wachitira. Njira zimenezi zimagwira bwino pamene mphunzitsi wa m'kalasi akutengapo mbali. Mlangizi yemwe amakumana ndi mwana kamodzi pa sabata, nthawi zina pa intaneti, saona zomwe zimachitika m'kalasimo.

Ntchito ya ulangizi wa ADHD ilibenso chiphaso cha boma monga momwe zilili ndi uphunzitsi kapena udokotala. Pali mabungwe omwe amapereka masatifiketi, koma palibe lamulo loletsa munthu kudzitcha mlangizi popanda maphunziro aliwonse. Kafukufuku wambiri pa ulangizi wotere anachitika pa ophunzira a m'makoleji ndi akuluakulu, ndipo umboni wokhudza ana aang'ono udakali wochepa.

Thumba latsegukira aliyense

Ndondomeko yomwe inayamba m'dzina la ana olumala yasanduka ya aliyense. Mu 2018 anthu a ku Arizona anakana pa chisankho ganizo lokulitsa ESA, koma mu 2022 aphungu anavomereza lamulo lolola mwana aliyense, ndipo bwanamkubwa wa nthawiyo, Doug Ducey, analisaina. Chiwerengero cha olandira chinachoka pa 12,000 n'kupitirira 80,000 pofika 2025, ndipo ndalama zake zinadutsa madola 800 miliyoni pa chaka. Ambiri mwa omwe analowa poyamba sanali m'sukulu za boma n'kale, ndipo kafukufuku wa bungwe la Brookings mu 2024 anaonetsa kuti madera olemera ndiwo anagwiritsa ntchito kwambiri mwayiwu.

Kulondoloza ndalama kwakhalanso kovuta. Kumapeto kwa 2024, chifukwa cha kuchuluka kwa mapempho, dipatimenti ya zamaphunziro ya Arizona inayamba kuvomereza zogula zosakwana madola 2,000 isanazifufuze, n'kumazaziunika pambuyo pake. Pamene izi zikuchitika, ana ambiri a ADHD akadali m'sukulu za boma, zomwe ziyenera kulandira mwana aliyense.

Texas ili ndi chitsanzo cha njira zonse ziwiri. Lamulo la 2025, lomwe bwanamkubwa Greg Abbott anasaina, limalola mwana wolumala kulandira mpaka madola 30,000 pa chaka ngati wapita kusukulu yomwe si ya boma. Koma mu 2020 chigawo chomwecho chinayambitsa thandizo la madola 1,500 loperekedwa kamodzi kwa ana a maphunziro apadera omwe akadali m'sukulu za boma, loti makolo alipirire aphunzitsi owonjezera kapena zipangizo. Ndalamazo n'zochepa, koma mwana sataya IEP yake.

Phunziro kwa mayiko a kuno

Mayiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa alonjeza nawonso maphunziro osasiya mwana aliyense m'mbuyo. South Africa inatulutsa ndondomeko yake ya White Paper 6 mu 2001, Malawi inakhazikitsa yake ya zaka za 2017 mpaka 2021, ndipo aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu ndi ku ZAMISE ku Lusaka. Maphunziro olipira a pambali, omwe ambiri amawatcha patitaimu, ndi odziwika m'mizinda ya m'chigawochi, ndipo amapindulira okhawo omwe ali ndi ndalama.

Zomwe zachitika ku America zikusonyeza kuti lamulo lopanda ndalama limakankhira makolo kumsika, ndipo msikawo sulandira mwana aliyense mofanana. Ndalama za boma zolipirira aphunzitsi apadera zingathandize mwana wa ADHD ngati zikuwonjezera pa zomwe sukulu ikuchita, ngati olandira ntchitoyo ali ndi maphunziro otsimikizika, ndiponso ngati pali wina yemwe angafunsidwe mwana akalephera kupita patsogolo. M'ndondomeko ya Arizona, udindo umenewu wagwera kholo lokha.