Tayala limodzi likamapalasa mchenga, funsani difu

Kwa Maganga ku Salima, ntchito yeniyeni ya galimoto imayamba pomwe phula lathera. Kuchokera pa boma kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 a msewu watala, koma wofuna usipa, utaka kapena kampango wa m'mamawa ayenera kupatuka n'kulowa m'tinjira tamchenga topita kumadooko. Dzinja likafika, madera oyandikana ndi mtsinje wa Linthipe amasanduka matope okhaokha. Kumeneko si zachilendo kuona pikapu yodzaza madengu itatitimira, injini ikubangula, tayala limodzi lakumbuyo likupalasa mchenga pomwe linzake lili duu.

Anyamata okankha amadzudzula dalaivala. Dalaivala amadzudzula msewu. Mwini galimoto amati a ku Japan anamugulitsa chiphakasa. Komatu nthawi zambiri mlandu uli mu difu, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo, chomwe ambiri amachikumbukira pokhapokha chayamba kulira.

Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Difu ndiyo imalola kuti matayala awiriwo azungulire mosiyana liwiro. Koma difu wamba ili ndi chilema chake: imapatsa matayala onse mphamvu yofanana, ndipo muyeso wake ndi tayala lomwe lagwira pansi mofooka. Limodzi likaponda mchenga wofewa n'kuyamba kuzungulira pachabe, linzake lomwe lili pouma limalandiranso kamphamvu kochepa komweko. Kuponda moto kumangokumba dzenje.

Vutoli linasautsanso anthu a mipikisano ya magalimoto ku Ulaya. Galimoto yothamanga ya Auto Union yomwe anakonza Ferdinand Porsche inali ndi injini yamphamvu kwambiri moti tayala limodzi linkangozungulira potuluka pakona. Mu 1935 iye anapempha kampani ya ZF ya ku Germany kuti imupangire difu yochepetsa kuterereka, yomwe masiku ano imadziwika ndi zilembo zoti LSD. Nzeru yomweyo inadzalowa mu Toyota Hilux ndi Land Cruiser zambiri, mu Nissan Patrol, komanso mu Subaru zomwe achinyamata a ku Lilongwe amabwera nazo kunyanja Loweruka.

Mtundu wofala m'mapikapu uli ndi mapuleti opyapyala otsatizana, ofanana ndi a kilachi. Tayala limodzi likafuna kuthawa, mapuletiwo amakhulana n'kukankhira mphamvu ku linzake. Mtundu wina umagwiritsa ntchito mafuta olimba a silikoni otsekeredwa m'kati, ndipo ukafooka sukonzeka, umangosinthidwa. Wachitatu ndi Torsen, womwe anatulukira Vernon Gleasman wa ku America: uli ndi magiya okhaokha, motero sutha msanga, ngakhale nawo umasowa chochita tayala limodzi likalendewera m'malere.

Mapuleti amatha, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo. Chodandaulitsa n'choti eni galimoto ndiwo amafulumizitsa kutha kwake, m'njira zitatu.

Yoyamba ndi oyilo. Difu ya mapuleti imafuna oyilo wa magiya wolembedwa LSD pabotolo, wokhala ndi mankhwala othandiza kuti mapuleti agwirane ndi kumasukana mosalala. Ukathiramo oyilo wamba wa magiya, mapuleti amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo galimoto imanjenjemera ndi kugogoda kumbuyo pokhota pang'onopang'ono. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo n'zomveka kuti munthu amatola botolo lotchipa. Koma difu ya pikapu imangomwa malita awiri kapena atatu, ndipo amenewo amayenda makilomita masauzande ambiri. Ndalama yopulumutsidwa pabotolo siyingagule n'theka lomwe la mapuleti atsopano.

Yachiwiri ndi matayala a kaunjika. Munthu amagula limodzi lero, lina mwezi wamawa, lina lalitali, lina lakutha, n'kuwaika onse kumbuyo. Matayala osiyana msinkhu amazungulira mosiyana ngakhale pamsewu woongoka, choncho difu imakhala ngati ikukhota ulendo wonse. Pikapu yonyamula nsomba kukwera msewu wa M14 mpaka ku Lilongwe imakafika mapuleti atakhulana makilomita oposa 100 popanda chifukwa. Kwa Subaru, yomwe imakoka ndi matayala onse anayi, kusiyana kotereku kumavulazanso difu yapakati.

Yachitatu ndi madzi. Pamwamba pa difu pali kabowo kopumira. Difu yotentha ikalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, kaya powoloka chithaphwi kapena pokokera boti kugombe, mpweya wam'kati umachepa ndipo madzi amatha kuyamwika kudzera pakabowoko kapena m'masilo otha. Oyilo amasanduka woyererako, mabering'i amachita dzimbiri, ndipo galimoto imayendabe miyezi osaonetsa chizindikiro. Ikamadzayamba kulira, zam'kati zimakhala zitadyeka kale.

Alipo amakaniko ena omwe amapereka mankhwala achidule: kuwotcherera magiya am'kati kuti matayala onse azizungulira limodzi mpaka kale. Mumchenga galimoto yotere imatulukadi. Koma ikabwerera paphula, tayala lamkati limakwekwereza pakona iliyonse, matayala amatha msanga, mashafuti amapotoka mpaka kuthyoka, ndipo pamvula galimoto imakana kukhota. Pamsewu wa Senga Bay, wodzaza njinga zakabaza ndi ana asukulu, imeneyo ndi ngozi yochita kuitana.

Ena anganene kuti wogulitsa nsomba alibe nthawi yoganiza za difu pomwe mafuta enieniwo akusowa. Koma ndi yemweyo amene amaluza kwambiri. Usipa wouma ungadikire, koma chambo chapaayezi sichidikira, ndipo maola awiri mumchenga, kuphatikiza ndalama ya anyamata okankha, amadya phindu la tsikulo.

Kuyeza difu sikufuna makina. Makaniko aika miyala kumatayala akutsogolo, akweza akumbuyo onse pajeke, achotsa giya ndi handibuleki, kenako azunguza tayala limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mbali yomweyo, mapuleti akugwirabe. Likapita chammbuyo mopepuka, ndiye kuti difuyo ndi wamba kapena ya Torsen, apo ayi mapuleti anatha. Kumasula kabawuti kothirira n'kupisa chala kumaulula nthawi yomweyo ngati oyilo wasanduka woyererako ndi madzi. Izi n'zoyenera kukhala m'manja mwa wophunzira aliyense wotuluka m'sukulu zaluso monga Salima Technical College, komanso mwa anyamata ophunzirira ntchito pansi pa mitengo ya mango. Ogulitsa masipeyala ku Salima nawo azisunga oyilo wa LSD ndi kumufunsa wogula kuti akukathira mu difu yanji.

Madalaivala ali ndi gawo lawo. Kuphwetsako mpweya asanalowe mumchenga kumatambasula tayala kuti lisamire, bola adzapopenso pofika paphula. Tayala likayamba kupalasa, achotse phazi pamoto, chifukwa kulizunguza kwa mphindi zingapo kumawotcha mapuleti kuposa miyezi ya ulendo wabwinobwino. Ndipo mwini pikapu amene galimoto yake yawoloka madzi dzinja lino asadikire kuti difu ilire: mvula ikangosiya, akhetse oyiloyo, athire watsopano wa LSD, ndipo matayala awiri akumbuyo awagule tsiku limodzi, a saizi imodzi.